Phunziro la Masamu pa Tabuleti

M'chaka cha 2013 a Nicola Pitchford, a ku yunivesite ya Nottingham, adachita kafukufuku pasukulu ya Biwi ku Lilongwe. Ana a Sitandade 1 mpaka 3 adaŵagaŵa m'magulu atatu. Gulu loyamba linkaphunzira masamu m'Chicheŵa pa matabuleti, mphindi 30 patsiku, kwa masabata 8. Lachiŵiri lidapatsidwanso matabuleti, koma opanda masamu. Lachitatu linkaphunzira monga mwa masiku onse. Pamayeso, loyamba lija ndilo lidapambana.

Tiyeni tilingalire za gulu lachiŵiri. Anawo adagwira makina omwewo, koma sadapindule chimodzimodzi. Tsono ife tikuona kuti chidathandiza ndi kakonzedwe ka phunziro: mwana aliyense ankapita patsogolo monga mwa nzeru zake, ndipo akalakwa ankadziŵa pomwepo.

Boma lidayamba kugaŵa matabuleti m'masukulu mu 2023, komabe mwina simukaŵapeza m'kalasi mwanu ku Nsipe. Kumeneko mukatolera makope Lolemba ndi kuŵabweza Lachisanu, mwana wosadziŵa kuchotsera adzakhala akulakwa masiku anayi. Zungulirani m'kalasi, muzichonga ana akali kulemba.