Khansa ya Kaposi ndi Kachirombo Kobisala M'malovu

Mu nkhani ino ndikufuna kufotokoza mmene kachirombo koyambitsa khansa ya Kaposi kamafalira pakati pa amuna omwe chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika, komanso chifukwa chake sitiyenera kufulumira kuweruza wodwala.

Khansa imeneyi imaoneka ngati mawanga kapena zotupa zakuda mofiirira pakhungu ndi m'kamwa, ndipo nthawi zina imafika m'mapapo. Dokotala Moritz Kaposi anaifotokoza koyamba ku Vienna m'chaka cha 1872. Kwa zaka zambiri, ku Ulaya inkadziwika ngati nthenda ya amuna okalamba. Zinthu zinasintha mu 1981 pamene inayamba kugwira amuna achinyamata ogonana ndi amuna anzawo ku New York ndi ku California. Ichi chinali chimodzi mwa zizindikiro zoyamba za Edzi.

Mu 1990, Valerie Beral ndi anzake anaona kuti amuna oterewa ankadwala khansayi kwambiri kuposa odwala Edzi omwe anatenga HIV kudzera m'magazi opatsidwa kuchipatala. HIV yokha ikanakhala gwero, magulu onsewa akanadwala mofanana. Choncho anaganiza kuti pali kachirombo kena kopatsirana pogonana. Mu 1994, Yuan Chang ndi Patrick Moore a pa yunivesite ya Columbia anakapeza. Kachiromboka ndi HHV-8, ka m'banja la herpes, ndipo kakalowa m'thupi sikatulukanso. Kamakhala phee mpaka chitetezo chitafooka, kenaka kamachititsa kuti maselo a m'mitsempha aswane mopanda malire.

Kafukufuku wa ku San Francisco wa mu 1998 anasonyeza kuti mwamuna akachulutsa amuna ogona nawo, mpata wokhala ndi HHV-8 umakulanso. Koma mu 2000, akatswiri a ku Seattle anapeza kuti kachiromboka kamapezeka kwambiri m'malovu kusiyana ndi mu umuna. Ndikuona kuti mfundo iyi ndi yofunika zedi: kondomu imateteza ku HIV, koma siletsa kupatsirana malovu popsompsonana.

Mfundo yomweyi ikutithandiza kumvetsa za kuno kwathu. Ku Malawi, Zambia ndi Uganda, khansa ya Kaposi ndi imodzi mwa makhansa ofala mwa amuna, ndipo inalipo Edzi isanabwere. Anthu ambiri kuno amatenga HHV-8 adakali ana, kudzera m'malovu a achibale pakhomo. Motero mawanga pamwendo wa munthu si umboni wa amene anagona naye.

Pomaliza, HHV-8 ilibe katemera, koma khansayi inachepa kwambiri ku America mankhwala amphamvu a ma ARV atabwera mu 1996. Maganizo anga ndi akuti m'malo molozana zala, tilimbikitse amuna kuyezetsa magazi, kuyamba mankhwala msanga, ndi kuthamangira kuchipatala akangoona banga lachilendo.