Nyimbo za pa laputopu zikumveka moipa: ndigule masipika ena?

FUNSO

Amisiri,

Ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito, ndimakhala kufupi ndi Bembeke kuno ku Dedza. Mwana wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg ananditumizira laputopu, timasipika tiwiri ndi bokosi lalikulu la besi. Nyimbo ndinakaikitsa pa flash kwa anyamata a pa boma: Alleluya Band, malemu Lucius Banda ndi makwaya angapo. Koma sindikukondwa nazo. Ndikangolumikiza, pamamveka kaphokoso kosatha ngati njuchi zili m'phanga, nyimbo isanayambe n'komwe, ndipo magetsi akathima n'kuyatsa inveta, kaphokosoko kamakula. Ndikakweza, mawu amasweka, makapu a m'kabati n'kumanjenjemera, koma zimene woimba akunena osazimva. Nyumba yanga ndi ya njerwa, pansi pa simenti, denga la malata lopanda siling'i. Mnzanga wina akuti mankhwala ake ndi masipika a mawati 3000 a ku Lilongwe. Kodi ndigulitse kachewere wanga ndinyamuke?

Mphunzitsi wopuma, Bembeke

YANKHO

Zikomo aphunzitsi chifukwa cha kalata yomveka bwino. Kachewere wanuyo musagulitse kaye. Mwatchula matenda atatu osiyana, ndipo pa atatuwo palibe amene masipika atsopano angachize. Masipika amphamvu angangokukwezerani phokoso lomwelo.

Tiyambe ndi kaphokoso kosathako, chifukwa gwero lake ndi magetsi. Magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230 ndipo amasinthasintha mbali, kupita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi iliyonse. Kusinthaku kukapeza njira yolowera mu waya wa nyimbo, khutu limakumva ngati kulira kwapansipansi kosasintha. Yesani izi lero lomwe: masipika ali oyaka, nyimbo musanayatse, zulani chaja kuti laputopu iyendere batire yake. Phokoso likatha pomwepo, wolakwa ndi chaja kapena soketi. Ndikukayikira kwambiri pulagi. Magetsi a ku South Africa ndi ofanana ndi athu, koma mapulagi awo ndi a mano obulungira pamene masoketi athu ndi a mano atatu aphwatalala, a mtundu wa ku Britain. Ambiri amagula kolumikizira kotchipa pamsika, kapena kukanikiza bowo la pamwamba ndi kamtengo kuti pulagi ya mano awiri ilowe. Zikatero, waya wopita pansi, amene amisiri amati ethi, nthawi zambiri sagunda paliponse. Ngati chingwe cha chaja chili ndi mawaya atatu, wodziwa zamagetsi adule pulagi ya ku Johannesburg aikepo ya kuno, aonenso ngati ethi ya nyumba yanu inakhomeredwadi m'nthaka. Kenaka laputopu ndi masipika zidyere pa soketi imodzi, osati china uku china uko.

Mudzapeza ena akukulangizani kuti muthyole dzino la ethi kuti phokoso lithe. Nthawi zina limathadi, koma dzino limenelo ndi limene limateteza munthu waya akaduka m'kati mwa chipangizo. Musalole.

Ngati mwazula chaja koma phokoso likadalipo, zulani waya wochokera ku laputopu pamene walowera ku bokosi la besi. Likapitirirabe, vuto lili m'bokosimo ndipo ndi ntchito ya okonza mawailesi. Likatha, yang'anani wayayo. Asayende limodzi ndi chingwe cha magetsi, asakhale wotalika mopitirira, ndipo pukutani nsonga yake ndi kansalu kouma. Kwanuko ndi kokwera, tauni ya Dedza yokha ili pa mamita pafupifupi 1,600, ndipo chinyezi cha nkhungu chimadetsa timano ta mawaya otchipa mpaka kumathetheka mukangowakhudza. Pali kachipangizo kakang'ono kotchedwa ground loop isolator kamene kamaikidwa pakati pa laputopu ndi masipika. Kamathetsa kulira kochokera ku chaja. Mukamva kaphokoso kosongoka kamene kamasintha mukamayendetsa mausi ndiye kuti kakhadi ka mawu ka m'kati mwa laputopu ndi kofooka, ndipo khadi ya mawu yolowetsa pa USB imathandiza.

Za inveta n'zachidule. Zotchipa zambiri zimalembedwa kuti modified sine wave: magetsi ake amatuluka modumphadumpha ndipo masipika amalira nawo. Yolembedwa kuti pure sine wave ndiyo imapereka magetsi osalala ngati a ESCOM, koma ndi yodula. Osaigulira nyimbo zokha.

Matenda achiwiri ndi kusweka kwa mawu. Ngati mumaseweretsa nyimbo pa VLC, onani kamzere ka voliyumu. Pulogalamuyi imalola kukweza kupitirira 100 peresenti, ndipo kupitirira pamenepo siiwonjezera ubwino, imangodula nsonga za mawu. Voliyumu ya VLC isiyeni pa 100 kapena kutsikirapo, ya Windows ikhale cha m'ma 80, ndipo kukweza ndi kutsitsa muzichitira pa masipika. Mu Windows momwemo muzimitse zonse zokometsera mawu, makamaka zowonjezera besi.

Muonenso nyimbo zenizenizo. Kuti flash ilowe nyimbo zambiri, zina zimafinyidwa kwambiri, ndipo zina zimachita kuchotsedwa pa mavidiyo a pa intaneti. Pali njira yodziwira osafunsa munthu: nyimbo ya MP3 ya mphindi 4 ikakhala ya 128 kbps imalemera pafupifupi 3.8 MB, ya 320 kbps imafika 9.6 MB, pamene ya 64 kbps siikwana ndi 2 MB yomwe. Mukapeza zambiri zili pansi pa 2 MB, chimenecho n'chifukwa chake makwaya anu akumveka mophwanyika. Wina akakuuzani kuti azikweza kuchoka pa 64 kufika pa 320, akungokudzazirani flash; zimene zinatayika pofinya sizibwerera. Funani CD yeniyeni kapena nyimbo zogulidwa kwa eni ake, zimene zimapatsanso oimba kangachepe. Koma nyimbo zakale za Alleluya Band zinatuluka pa matepi, ndipo kaphokoso ka tepi kali m'nyimbomo. Kameneko ingokakhululukirani.

Tsopano chachitatu, chimene ine ndikuona kuti ndicho chachikulu kwa inu: chipinda. Imani pakati pa balaza muombe m'manja kamodzi. Mukamva kulira kotsalira, dziwani kuti simenti, pulasitala ndi malata zikubweza mawu onse, ndipo khutu lanu likulandira liwu limodzi kangapo motsatizana. N'chifukwa chake mawu a woimba akusokonekera. Yalani kapeti kapena mphasa yokhala ndi bulangete pakati pa masipika ndi mpando wanu. Pamawindo pakhale makatani olemera. Shelefu ya mabuku anu a ku sukulu ikaima kukhoma la kumbuyo kwa mpando imagwira ntchito yaikulu. Ndipo ngati ndalama ya kachewere iyenera kupita penapake, ipite ku siling'i: idzachepetsa kulira kwa malata, ndipo mu June ndi July mudzaithokoza pa chifukwa china chimene munthu wa ku Bembeke sindingachite kumuuza. Matireyi a mazira amene anyamata amakhoma m'timasitudiyo tawo ndi opyapyala kwambiri moti besi saigwira, komanso sachedwa kugwira moto.

Masipika achoke pakabati. Timasipika tiwirito tikhale pa msinkhu wa makutu anu mukakhala pansi, motalikirana mita imodzi ndi theka kapena awiri, mpando wanu utalikirane nato chimodzimodzi, ndipo tipendekere pang'ono kwa inu. Bokosi la besi likhale pansi, koma osati pangodya, pakuti makoma awiri akakumana amakulitsa besi mpaka kumiza zina zonse. Likokeni masentimita 30 kapena 50 kuchoka kukhoma, chowongolera besi muchibweze pakati, mumvere nyimbo imodzi yomwe mumaidziwa bwino, kenaka musunthenso. Muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi, apo ayi simudzadziwa chimene chathandiza.

Mawati 3000 a mnzanuwo, mukaonetsetsa pa katoni mudzapeza zilembo za PMPO pambali pake. Imeneyo ndi nambala ya otsatsa malonda. Mphamvu yeniyeni imalembedwa kuti RMS, ndipo pa balaza la nyumba wamba mawati 20 mpaka 40 a RMS ndi okwanira. Tsiku limene mudzafunedi kugula, mudzatenge flash yanu, mudzamvere nyimbo ya kwaya m'sitolo momwemo pa voliyumu yotsika musanatulutse ndalama.

Pomaliza, mvula ikayamba mu November, ziphaliwali zikamang'anima zulani zonse kukhoma. Kuzimitsa pa switchi pokha sikuteteza laputopu.