Katemera ndi Chithunzi cha Phewa

Alimi anzathu a kuno ku Chongwe, khasu ndi matumba a makilogalamu 50 zimapweteka phewa, ndipo ena a ife timatumizidwa kukajambulidwa ku chipatala cha Levy Mwanawasa kapena UTH ku Lusaka.

Katemera wobayidwa pamkono, monga wa COVID-19 amene anayamba kuperekedwa m'Zambia mu 2021, amatha kutupitsa anabere m'khwapa kwa masabata angapo. Apa thupi limakhala likumanga chitetezo. Koma pa sikani ya ultrasound kapena MRI, kutupako kungafanane ndi khansa kapena TB.

Choncho tisanajambulidwe, timuuze dokotala tsiku limene tinalandira katemera ndi mkono umene tinabayidwa, titengenso khadi lake. Tisazengereze kukapimidwa, ndipo kutupa kukapanda kuphwa, tibwerere msanga kuchipatala.