Ndege Ikagwa mu Nkhungu, Banja Lotsala Liyambire Pati?

Pa 10 Juni 2024, ndege ya asilikali a Malawi ya mtundu wa Dornier 228 inanyamuka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu. Inalephera kutera chifukwa cha nyengo yoipa, ndipo pobwerera inagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Anthu onse 9 anamwalira, kuphatikizapo Wachiwiri kwa Pulezidenti Saulos Chilima ndi Mayi Shanil Dzimbiri. Kwa anthu a ku Lundazi, ku Zambia, sikutali uku: munthu akangodutsa chipata cha Lusuntha walowa kale m'boma la Mzimba, limene limafika mpaka kunkhalangoyi.

Ambiri akamva kuti inali nkhungu amangoti ndi tsoka, nkhani n'kuthera pamaliro. Malamulo satero.

Pa maulendo a pakati pa mayiko amene anavomera Pangano la Montreal la 1999, kampani ya ndege singabisale kumbuyo kwa mitambo. Wokwera akamwalira pangozi, kampaniyo imalipira zimene banja lataya mpaka ndalama zokwana pafupifupi madola 200,000 a ku America, kaya inalakwa kaya ayi. Zikapitirira pamenepo, ndi kampani imene iyenera kutsimikizira khoti kuti panalibe kunyalanyaza. Koma banja liyenera kusonyeza chimene lataya, choncho mapepala a malipiro a malemu, malisiti a fizi ya ana, tikiti ya ulendowo ndi chikalata cha imfa n'zofunika kuzisunga bwino. Nthawi yokasuma ndi zaka 2 zokha. Zikadutsa, mlandu wafa. Ndipo pepala lililonse lochokera ku kampani kapena kwa a inshulansi lisasainidwe loya asanaliwerenge. Amene alibe ndalama angathe kupempha thandizo ku Legal Aid Board.

Kafukufuku wa ngozi ndi nkhani ina. Malamulo a bungwe loona za ndege padziko lonse la ICAO amati lipoti loyamba lituluke m'masiku 30, lomaliza m'miyezi 12 ngati n'kotheka, ndipo cholinga chake n'kupewa ngozi ina, osati kuloza chala munthu. Banja lisadikire lipotilo lisanakaone loya.

Ndege za asilikali n'zimene zimavutitsa, chifukwa malamulo amenewa sazimanga. Pa ngozi ya ku Chikangawa boma la Malawi linachita kuitana akatswiri a ku Germany. A Zambia akudziwa bwino kuwawa kwake: osewera mpira ndi ena, onse pamodzi 30, atamwalira ku Gabon mu Epulo 1993 m'ndege ya asilikali, mabanja anasumira boma, chigamulo cha chipukutamisozi n'kudzabwera mu 2002.

Kenako pali nkhondo ya pakhomo, imene nthawi zambiri imayamba alendo a pamaliro asanabalalike. Ngati malemu sanasiye wilo, lamulo la Zambia la 1989 limagawa chuma motere: ana magawo 50 pa 100, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ena amene ankadalira malemu 10. Woyang'anira chumacho amasankhidwa kudzera kukhoti, ndipo ndi iye amene amayendetsa nkhani za kubanki ndi zina zotere. Malume kapena mlamu wolanda katundu wa mayi wamasiye akupalamula mlandu, ndipo nkhaniyo ingathe kukatulidwa ku Victim Support Unit ya polisi ya Lundazi.