Makina Ochapira Akavuta: Zoti Muone Musanaitane Mmisiri

Madandaulo ambiri a m'mabanja pa makina ochapira gwero lake ndi sopo, madzi, ndi kapakiridwe ka zovala. Makinawo nthawi zambiri amakhala alibe mlandu. Choncho musanatulutse ndalama ya mmisiri, yambani mwaona zinthu izi.

Sopo wochuluka

Dzanja lozolowera kuchapa m'beseni limakhulupirira thovu: thovu likachuluka ndiye kuti zovala ziyera. M'makina sizitero. Makina a chitseko chakutsogolo amachapa ndi madzi ochepa, ponyamula zovala ndi kuzigwetsa, kunyamula ndi kugwetsa. Thovu likadzaza mgolo, zovala zimagwera pofewa ngati pa pilo, litsiro osachoka. Potsukuluza madzi aja amalephera kuchotsa sopo yense, ndiye zovala zimauma zili gwa, thalauza lakuda limatuluka ndi mizere yoyera, mwana n'kumadzikanda usiku. Mayi akaona zimenezi amati sopo anachepa, mawa lake amawonjezera, vuto n'kukulirakulira.

Yesani izi: ikani matawulo ochapa kale, muyatse makina osathira sopo. Mukaona thovu pagalasi, dziwani kuti mwakhala mukupyoza muyeso. Chepetsani ndi theka. Makina a chitseko chakutsogolo amafuna sopo wopanda thovu lambiri, amene paketi yake imalembedwa kuti automatic. Sopo waufa wochapira pamanja ndi woyenera makina a migolo iwiri, aja ambiri amati twin tub, ndipo muzimusungunula kaye m'madzi musanaike zovala.

Fungo la chinyontho nalo limayambira pomwepa. Sopo wotsalira amakanirira m'mphira wa pachitseko, chuku n'kumera. Pindani mphirayo muone m'kati mwake. Mupeza zakuda zoterera, mwina ndi batani lomwe linasowa. Pukutani, ndipo mukamaliza kuchapa siyani chitseko ndi kabokosi ka sopo zili zotsegula. Kamodzi pamwezi yendetsani makina opanda zovala pa madigiri 60. Zovala zochapa zisagone m'makina.

Kupakira

Makilogalamu olembedwa pamakina, kaya 7 kaya 9, ndi a zovala zouma. Mukapakira, chikhatho chanu chizikwana pakati pa zovala ndi denga la mgolo. Makina akamagwedezeka mpaka kuyenda pofinya, mwina mwaika chinthu chimodzi cholemera, monga bulangete, chomwe chaunjikana mbali imodzi. Onjezani matawulo awiri. Onaninso ngati miyendo yonse inayi yaponda pansi. Ngati makinawo ndi atsopano, yang'anani kumbuyo: mabawuti omanga mgolo paulendo ayenera kuchotsedwa makina asanayambe ntchito, ndipo ambiri amaiwala.

Madzi osalowa, madzi osatuluka

Pamene paipi yamadzi imalumikizana ndi makina pali kasefa kakang'ono. Madzi akabwera atasowa kwa nthawi amadza ndi mchenga, ndipo kasefako kamatsekeka. Tsekani mpopi, masulani paipi, tsukani kasefako ndi mswachi wakale. Thanki yokhala m'munsi nayo imatumiza madzi opanda mphamvu.

Madzi akakana kutuluka, zulani pulagi, tsegulani kachitseko ka m'munsi kutsogolo, tcherani beseni losaya ndi nsanza, ndipo masulani sefa pang'onopang'ono. Ndalama zachitsulo, mapini a tsitsi ndi masokosi a ana zimapezeka mmenemo. Ma twin tub ambiri alibe pampu, madzi amatuluka okha, choncho paipi yake igone pansi osapindika.

Amene mumachapira madzi a pamjigo, mvetsani apa. Madzi ena ali ndi chitsulo, ndipo malaya oyera a yunifolomu amasanduka achikasu kapena kuchita madontho a dzimbiri. Musathamangire Jik, chifukwa pa madzi oterewa amawonjezera dzimbirilo. Tungani madzi dzulo lake, akhale m'mgolo wosungira madzi usiku wonse, muchapire apamwamba. Ndipo Jik musamusakanize ndi viniga ngakhale pang'ono: mpweya wotulukapo ndi poizoni.

Utoto ndi madontho

Chitenje chatsopano chimachucha utoto, ndiye chichapidwe pachokha m'madzi ozizira kangapo. Utoto ukalowerera m'zovala zina, zichapeninso nthawi yomweyo zisanaume. Magazi achotseni ndi madzi ozizira, pakuti otentha amawakhazikitsa. Dontho la mafuta ophikira lipakeni sopo wotsukira mbale musanaponye m'makina. Juzi yaubweya imafupika ndi madzi otentha. Madzi ake asapyole madigiri 30.

Magetsi

Magetsi akazima makina ali pakati pa ntchito, zimitsani pa soketi, chifukwa pobwera nthawi zina amadza ndi mphamvu yoposa muyeso n'kuwotcha ubongo wa makina. Kachipangizo koteteza furiji ku magetsi oterewa kaja kaliponso ka makina ochapira, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi kukonzetsa. Chitseko musachikoke mwamphamvu. Makina ambiri amachimasula okha pakapita mphindi ziwiri kapena zitatu.

Pali zina zosayenera kuzigwira nokha. Makina akamakugwirani magetsi mukawakhudza, akamanunkha kupsa, kapena akamalira ngati chigayo pofinya, zulani pulagi ndi manja ouma, muitane mmisiri. Pa za kugwira magetsizo, mumuuze ayambe wayeza waya wa earth pa soketi.