Munthu akadina batani lolakwika, wolakwa ndani?

Ndili Fomu 3, azakhali anga anatumiza ndalama za fizi yanga pa foni koma zinakafika kwa munthu wina. Anaphonya nambala imodzi yokha basi. Foni inawafunsa kuti atsimikize, iwo n'kudina 1 mothamanga, poti uthengawo unali m'Chingerezi komanso ankaopa kuti akachedwa zonse zizima ayambirenso. Phindu la tomato la mwezi wathunthu linapita choncho. Mawu amene ananena tsiku limenelo sindiwaiwala: "Mwana wanga, ine ndine mbuli, zamakonozi si zanga." Nanenso mumtima ndinavomereza. Koma nditafika ku yunivesite n'kuyamba maphunziro a digital and interactive design, ndinazindikira kuti tonse awiri tinkaloza chala munthu wosalakwa.

Kodi maphunzirowa ndi otani?

Anthu ambiri akamva kuti design amaganiza zojambula mapositala a ukwati ndi kusankha mitundu yokongola. Zimenezo zilimo ndithu, koma ndi kagawo chabe. Interactive design ndi luso lokonza mmene munthu ndi makina amayankhulirana. Inu mukadina, foni imayankha. Ikayankha, inu mumasankha chochita. Pa ATM, pa WhatsApp, pa webusayiti yoonera zotsatira za mayeso, pali munthu amene anakhala pansi n'kuganiza kuti batani ili likhale apa, mawu awa akhale akuluakulu, funso ili libwere poyamba. Munthu ameneyo akalakwitsa, amene amalira ndi wogwiritsa ntchito.

Getsi limene linanamiza akatswiri

Mwina mukuti, aaa, zimenezi zimachitikira anthu osaphunzira. Ayi ndithu. Pa 28 Malichi 1979, pa malo opangira magetsi ndi mphamvu ya nyukiliya otchedwa Three Mile Island, ku Pennsylvania m'dziko la America, valavu ina inakanirira osatsekeka, ndipo madzi oziziritsa makina anayamba kuthawa. M'chipinda choyendetsera makinawo munali kagetsi ka valavuyo. Kagetsiko kanazima, akatswiri n'kuganiza kuti valavu yatsekeka. Chonsecho kuzima kwake kunkangotanthauza kuti lamulo loti itsekeke latumizidwa, osati kuti yatsekekadi. Panadutsa maola oposa awiri vutolo lisanadziwike, ndipo gawo lina la mkati mwa makinawo linasungunuka.

Mmodzi mwa anthu amene anafufuza za ngoziyi anali Don Norman, katswiri wa kaganizidwe ka munthu. Mu 1988 iye anatulutsa buku limene lero limadziwika kuti The Design of Everyday Things, ndipo ophunzira a design ambiri amayambira pomwepo. Mfundo yake ndi yakuti anthu ambiri akamalakwitsa pa chinthu chimodzimodzi, tiyambe tafufuza chinthucho. Munakokapo chitseko chofunika kukankha? Ngati chili ndi chogwirira chooneka ngati chokokera, dzanja lanu silinalakwe. Chitsekocho ndiye chakunamizani.

Yesani nokha: lamulo la Fitts

Apa ndi pamene sayansi imalowerapo, chifukwa zinthuzi zimayezedwa. Tengani pepala, pensulo ndi mnzanu wokhala ndi wotchi. Jambulani mabokosi awiri, lililonse la 1 cm m'lifupi, ndipo kuchoka pakati pa lina kufika pakati pa linzake pakhale 8 cm. Gogodani ndi pensulo bokosi ili, kenako linalo, mobwerezabwereza kwa masekondi 10, osaphonya. Werengani madontho. Kenako jambulani mabokosi a 4 cm pa mtunda womwewo, mubwerezenso. Muona kuti madontho achuluka.

Kuyesa kofanana ndi kumeneku anachita ndi Paul Fitts, katswiri wa ku America, ndipo anasindikiza zotsatira zake mu 1954. Anapeza kuti nthawi imene dzanja limatenga kuti lifike pa chinthu imadalira mtunda, D, ndi kukula kwa chinthucho, W. Kuvuta kwa ntchitoyo anakuwerengera motere: log₂(2D/W). A Fomu 4, ma logarithm aja mumati adzakuthandizani chiyani, ndi awatu. Pa mabokosi oyamba aja, 2 × 8 ÷ 1 ndi 16, ndipo log₂16 ndi 4. Pa achiwiri, 2 × 8 ÷ 4 ndi 4, ndipo log₂4 ndi 2. Kuvuta kwatsika ndi theka pongokulitsa bokosi.

N'chifukwa chake malangizo a Google kwa opanga mapulogalamu a Android amati malo odina akhale pafupifupi 9 mm mbali zonse, kuti chala cha munthu chikwanepo. Lamulo lomweli mungaligwiritse ntchito mobwerera: batani lofufutira zinthu musaliyandikize ku batani lotumizira, kuti munthu asalikhudze mwangozi.

Zimene timachita m'kalasi

Chaka choyamba ndinkayembekezera kuti tizingokhala pa kompyuta. M'malo mwake anatipatsa mapepala, sizasi ndi zolembera. Tinaphunzira kujambula, kusanja zilembo kuti ziwerengeke, ndiponso mitundu. Mwachitsanzo, pali anthu amene maso awo sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira, makamaka amuna, choncho chenjezo lisamadalire mtundu wokha. Pakhalenso mawu kapena chizindikiro. Kenako tinalowa mu HTML, CSS ndi JavaScript, zinenero zimene masamba a pa intaneti amamangidwira. Tinaphunziranso kufunsa anthu mafunso ndi kuonerera mmene amagwirira zinthu.

Phunziro limene linandichotsa matama ndi ili. Gulu lathu linakonza pulogalamu yothandiza komiti ya mjigo kulemba anthu amene apereka ndalama za mwezi. Tisanalembe khodi ngakhale mzere umodzi, tinajambula sikirini iliyonse pa pepala lake. Chimenechi chimatchedwa paper prototype. Munthu akaloza batani ndi chala, mnzathu amasintha pepala ngati kuti iyeyo ndiye foni. Tinapita nazo kwa amayi asanu a m'komiti. Bwanji asanu? Mu 2000, katswiri wina dzina lake Jakob Nielsen analemba kuti kuyesa ndi anthu 5 kumatulukira pafupifupi 85 peresenti ya zovuta, ndipo ndi bwino kuyesa kangapo ndi anthu ochepa kusiyana ndi kuyesa kamodzi ndi chigulu.

Lamulo la aphunzitsi linali limodzi: osathandiza, osafotokoza, ingoyang'anani. Abale, kukhala chete kumawawa! Mayi woyamba anayang'anitsitsa kachizindikiro kathu kosungira, kamene tinakopera ku mapulogalamu ena, n'kufunsa kuti, "Nanga kawindo aka n'kachiyani?" Kanali kachithunzi ka floppy disk, chinthu chimene ngakhale inu ambiri simunachigwirepo. Amayi anayi mwa asanuwo anaima pamalo omwewo. Tinachotsa kachithunziko n'kulembapo mawu akuti "Sungani". Sabata yotsatira palibe anakakamira. Kukonzako kunatidyera pepala limodzi. Tikanayamba ndi khodi, tikanataya masabata.

Tsiku limenelo ndinakumbukira azakhali. Foni ija ikanawaonetsa dzina la wolandira m'zilembo zikuluzikulu, n'kuwafunsa m'Chichewa kuti "Mukutumiza kwa uje, n'zoona?", bwenzi ataona kuti dzinalo ndi lachilendo.

Ngati mukufuna kudzaphunzira zimenezi

Choyamba, musapeputse masamu ndi Chingerezi. Kuti mulowe m'mayunivesite a boma kuno kwathu pamafunika makirediti osachepera asanu ndi limodzi pa MSCE, kuphatikizapo Chingerezi, ndipo maphunziro a kompyuta amafunanso masamu abwino. Computer Studies ikakhalapo pasukulu panu, itengeni. Chichewa nachonso musachitaye, chifukwa kusankha liwu limodzi loyenera kulemba pa batani ndi ntchito ya munthu wodziwa chinenero.

Chachiwiri, musamangofunafuna dzina. Mayunivesite ena kunja ali ndi digiri yotchedwa interaction design kapena digital design. Kwina nkhani zomwezi zimabisala m'maphunziro a Computer Science kapena ICT, m'phunziro lotchedwa Human-Computer Interaction. Choncho mukamaona mabuku a mapulogalamu a UNIMA ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, MUST ku Thyolo kapena Mzuni ku Mzuzu, werengani mndandanda wa maphunziro a chaka chilichonse, osati mutu wokha.

Chachitatu, yambani kusunga ntchito zanu. Pa ntchito imeneyi anthu amafuna kuona zimene munapangapo ndi mmene munaganizira, ndipo mulu wa ntchito zoterezi umatchedwa portfolio. Ndikuuzeninso zoona: maphunzirowa amafuna laputopu, intaneti ndi mtima wopirira, chifukwa chimene mwachikonza usiku wonse anzanu amachidzudzula m'mawa pamaso pa kalasi yonse. Poyamba zimapweteka, kenako mumazolowera, n'kuyamba kuzifuna nokha.

Ntchito ya sabata ino

Simukufunika kudikira yunivesite. Pezani munthu wamkulu kwanu, agogo, amalume kapena amayi, muwapemphe mwaulemu kuti asunge nambala yatsopano m'foni kapena ayike alamu ya 5 koloko m'mawa. Inu khalani pambali, manja kumbuyo, pakamwa potseka. Lembani paliponse pamene aima, pamene abwerera, ndi mawu amene anena. Kenako jambulani pa pepala mmene sikiriniyo ikanakhalira kuti asavutike, mukawayesenso ndi pepalalo. Akakakamiranso, musawaseke, konzani pepala lanu.

Ndipo akanena kuti "ine ndine mbuli", muwauze zimene ine ndinachedwa kuuza azakhali anga: kuti ngakhale akatswiri a ku Three Mile Island ananamizidwa ndi kagetsi kamodzi.