Kuukitsa Injini Yanthunzi

Mukatereka madzi mumphika wovundikira, chivundikiro chimayamba kuvina madziwo akawira. Chimene chimachivinitsa ndi nthunzi. Mphamvu yomweyo ndiyo inkayendetsa makina aakulu a m'minda ndi m'misewu ya ku England, mathirakitala adizilo asanafale.

Injini yotere inali ndi magudumu achitsulo, akumbuyo aatali ngati munthu wamkulu, chumuni chakuda kutsogolo, ndiponso boyila, ndiye kuti thanki yowiritsiramo madzi. Woyendetsa ankasonkhezera moto wamalasha, nthunzi nkumakankha pisitoni, pisitoniyo nkumazunguza magudumu. Injini zina zinkapuntha tirigu, zina zinkakoka ngolo za katundu, zina zinkasalaza misewu. Lamulo la mu 1865 linkati zisapitirire mailosi 4 pa ola, ndipo munthu wonyamula mbendera yofiira aziyenda patsogolo.

Dizilo ndi petulo zitabwera, injini zambiri zinaphwanyidwa. Zotsala zinangosiyidwa pamtetete, mvula ikuzinyowetsa, udzu ukumera m'magudumu.

Munthu akapeza injini yotere, ntchito yoyamba ndiyo kuizindikira. Amapala dzimbiri mosamala kufunafuna kachitsulo kamkuwa kolembedwa dzina la kampani imene inaipanga, ndi nambala yake. Nambalayo akaifufuza m'mabuku akale a kampaniyo, amadziwa chaka chimene injiniyo inapangidwa ndi amene anayamba kuigula. Kachitsuloko kakasowa, maonekedwe amathandiza. Injini za Aveling & Porter, za ku Rochester, zimakhala ndi kavalo wamkuwa kutsogolo, woimirira ndi miyendo yakumbuyo. Injini zolimira za Fowler, za ku Leeds, zimakhala ndi chokulungirapo chingwe chachitsulo kunsi kwa boyila, chokokera khasu. Malole anthunzi nawonso amasiyana: ambiri a Foden anali ndi boyila yogona, pamene a Sentinel anali ndi boyila yoimirira.

Mmodzi mwa anthu amene anatchuka pa ntchito youkitsa injinizi anali Fred Dibnah, wa mumzinda wa Bolton. Iye anabadwa mu 1938, ndipo ntchito yake inali yokwera machumuni aatali a mafakitale, kuwakonza kapena kuwagwetsa. Mu 1980 anagula injini ya Aveling & Porter yopangidwa mu 1912. Ankayesa kuti aikonza m'zaka zowerengeka. Koma ataimasula anapeza kuti dzimbiri linali litadya boyila.

Apa mpofunika kumvetsa bwino. Gudumu likatha, injini imangoima. Penti ikasuluka, injini imangonyansa. Koma boyila ikafooka imapha anthu, chifukwa nthunzi yopanikizika ikapeza malo opyapyala imaphulitsa chitsulo. Nchifukwa chake mmisiri weniweni sathamangira penti. Amayamba wagogoda boyila ndi nyundo, khutu lili tcheru, pakuti chitsulo chabwino chimalira mosiyana ndi chodyeka.

Dibnah anaganiza zopanga yekha mbali zatsopano za boyilayo kuseri kwa nyumba yake, monga ankachitira amisiri akale. Zitsulo za boyila zakale sankazilumikiza ndi moto wa magetsi ayi. Ankaboola mabowo ambirimbiri m'mphepete mwa zitsulo ziwiri, natenthetsa misomali yonenepa mpaka itafiira psu, nailowetsa m'mabowomo ndi kuiphwanya mitu isanazizire. Msomali ukamazizira umafupika, motero umakoka zitsulo ziwirizo nkuzigwiriza zolimba. Msomali umodzi wokha ukalakwika, madzi amadontha, ndipo pamafunika kuuchotsa ndi kuyambanso.

Boyila ikatha saiyatsira moto msanga. Amayamba aidzaza ndi madzi ozizira, nawapopa mwamphamvu koposa mmene nthunzi idzakankhire. Nzeru yake ndi iyi: pakakhala pofooka, madzi ozizira amangotuluka pang'ono, saphulika ngati nthunzi. Woyesa maboyila akakhutira, m'pamene amaloleza kuti moto uyatsidwe.

Ntchito yonseyi inamutengera Dibnah zaka zoposa 20. Pamene inkafika kumapeto, iye anali akudwala khansa. Komabe mu 2004 injini ija inayenda. Anaiyendetsa m'madera ambiri a Britain ikukoka ngolo yogonamo, anthu akuimirira m'mbali mwa msewu kuiona. Chaka chomwecho Mfumukazi Elizabeth inamupatsa mendulo yaulemu ku London. Anamwalira pa 6 Novembala 2004, ndipo tsiku la maliro injini yomweyo ndiyo inakoka bokosi lake m'misewu ya mu Bolton.

Mafunso

1. Kodi boyila nchiyani, ndipo imagwira ntchito yanji?
2. Munthu angazindikire bwanji injini ya Aveling & Porter ngati kachitsulo kolembedwa dzina kasowa?
3. Fotokozani kusiyana kwa malole a Foden ndi a Sentinel.
4. Chifukwa chiyani amisiri ankalowetsa misomali m'mabowo idakali yotentha?
5. Chifukwa chiyani boyila amayamba kuiyesa ndi madzi ozizira?
6. Pangani ziganizo zanuzanu ndi mau awa: dzimbiri, nthunzi, pamtetete, tcheru.